Wotsuka Zefa ya a Makwinja

Sendezani mipando kuno, utsi ukulowera uko. Nkhani iyi sindikonda kuinena masana, chifukwa masana munthu amaoneka nkhope, ndipo ikafika pakati aliyense amene anali m'shedi muja amayang'ana pansi, ine ndemwe.

Ku Limbe, kuseri kwa nyumba zakale zosungiramo fodya, kuli shedi yamalata imene ife madala okonda magalimoto akale tinkakumanamo Loweruka masana. Ndikati tinkakonza magalimoto ndiye kuti ndadzikometsera. Ntchito yathu yeniyeni inali kutsegula maboneti, kuima mozungulira manja ali m'chiuno, n'kumanamizana za kale. Ine Bisika ndinali ndi Morisi yobiriwira imene inkalira pokhapokha anthu akaikankha, ndipo mayi akunyumba ankaitcha mkazi mnzawo waulesi.

A Chikakwiya, wapampando wathu, analibe galimoto yoyenda ngakhale imodzi. Chuma chawo chinali mapepala. Anali ndi bokosi lachitsulo lodzaza masamba otsatsa malonda a magalimoto, amene anawadula m'nyuzipepala zakalekale, ena atafiira ngati fodya. Akalitsegula bokosilo tonse tinkangoti chete. Ankatola tsamba ndi nsonga za zala n'kuwerenga ndi mawu a pa wailesi: "Kuchoka kumwera mpaka kumpoto osatsegula boneti!" Ife m'manja, kuseka, wina n'kukumbukira m'mene anakankhira galimoto yomweyo pa chitunda cha ku Thyolo mvula ili pamsana.

Koma mfumu ya magalimoto onse m'shedimo inali Zefa yoyera ya a Sosteni Makwinja. Iwo anapuma ntchito ali bwana wamkulu ku banki, munthu wa tayi ngakhale Loweruka. Zefayo anaipeza itakhalira pa njerwa ku Luchenza, n'kuidzutsa pang'onopang'ono mpaka inayamba kulira ngati mphaka wokhuta. Pakhoma, pamwamba pake penipeni, anapachika tsamba limodzi m'felemu yagalasi. Pa tsambalo panali mwamuna wamtali wa suti yakuda, dzanja lili pa chitseko cha Zefa, akumwetulira. Pansi pake analembapo kuti: "Bambo wolemekezeka, galimoto yolemekezeka."

"Amenewo ndi malemu bambo anga, a Jailosi Makwinja," ankatero kwa mlendo aliyense. "Munthu wakuda woyamba kugula Zefa m'Limbe muno. Azungu a kampaniyo anachita kuwapempha kuti awajambule."

Zoti mwamunayo anali bambo awo zinali zoona. Zoti Zefa ya pa chithunzi inali yomweyi ya m'shedi, nambala yake inkachitira umboni. Zotsalazo linali bodza, ndipo ndikuuziranitu pano, ngakhale ife tinalidziwa mochedwa. A Jailosi anali wotsuka magalimoto pa kampani yogulitsa ija. Tsiku lojambula anangowaitana ndowa ili m'manja, chifukwa anali aatali ndi ooneka bwino, n'kuwaveka suti ya kalaliki. Nsapato zowakwana zinasowa, ndiye wojambula anadula chithunzi m'maondo. Atatha anawavula suti ija, iwo n'kubwerera ku ndowa. Moyo wawo wonse sanakhalepo pa mpando wa galimoto imene anatsuka, pakuti lamulo la pamenepo linali lakuti wotsuka azipukuta m'kati atagwada panja. Mwana wawo anaphunzira sukulu ndi ndowa yomweyo, koma atakula ankachita nayo manyazi, moti anasankha kukwirira bambo ake enieni n'kutionetsa a suti aja.

Ife bodzalo tinkalikonda. Linkatipatsa ulemu tonse. Choncho titagwirizana zokhala ndi chionetsero cha magalimoto athu pa bwalo lina m'tauni, a Chikakwiya anati tichitche dzina la a Jailosi, tsamba lija tilikulitse pansalu, ndipo a Makwinja adzalankhule za bambo awo pamaso pa anthu.

"Koma achimwene," anatero a Chikakwiya akuyang'anitsitsa felemu, "chithunzichi anachidula m'maondo bwanji? Pansalu chikanakoma chathunthu."

"Nsapato zawo zinali za kampani ina," anayankha a Makwinja osaphethira. "Azungu sanafune kutsatsira anzawo malonda ulere."

Tinaseka. Kenako wina anati tidzafunika anthu otsuka magalimoto tsikulo lisanafike. A Makwinja anakweza mawu, dzanja lili pa chitseko cha Zefa monga pa chithunzi paja.

"Otsuka magalimoto? Anthu opanda mutu amenewo. Yangayi sadzaikhudza ndi chala."

Pakona, pafupi ndi mpopi, ndowa yachitsulo inalira kamodzi, ngati munthu waiika pansi. Tinatembenuka. Panalibe munthu, ndipo ndowayo inali pamalo pake. Wina anati ndi malata akuwongoka ndi dzuwa, n'kupitiriza macheza.

Loweruka lotsatira a Makwinja atavundukula lona wophimba galimoto yawo, Zefa inali mbee. Si kuyera kwa galimoto yongokhala pansi pa lona ayi. Inali yotsukidwa mpaka m'kati mwa matayala, magalasi ngati mulibe galasi. Simenti ya pansi pake inali yonyowa.

Anaitana a Laisani, mlonda wathu, mkulu wa bondo lotupa amene ankayenda ndi ndodo.

"Ndani wakuuzani kuti mutsuke galimoto yanga?"

"Ine bwana? Ndi bondo ili? Sindinaigwire."

A Makwinja anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma maso awo anafika pa mpopi, mawu n'kuwathera. Ndowa ija inali itavundikiridwa, ndipo pamwamba pake panayanikidwa chiguduli chopindidwa pawiri, nsonga zake zitalingana bwinobwino. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Tsiku limenelo sanatiuze nkhani ya bambo awo, ndipo anapita kwawo tiyi asanawire.

Kenako anayamba kusowa mapepala. A Chikakwiya anatsegula bokosi lawo, lokhoma ndi loko amene kiyi wake ankagona naye, n'kupeza kuti tsamba la galimoto ya Pijo imene inkakwera phiri palibe. Anafufuza, anatuluka thukuta, anatiyang'ana mmodzimmodzi. Amene analipeza ndine. Linali m'mbali mwa khoma, lokwinyidwa ngati mpira wa ana, lonyowa. Nditalitambasula, inki inali itasungunuka, Pijo ikungooneka mwachimbuuzi.

Inu a masiku ano mwina simudziwa. Kale wotsuka galimoto wodziwa ntchito sankapukuta galasi ndi nsalu, chifukwa nsalu imasiya timizere. Ankapukuta ndi nyuzipepala yakale. Munthu amene ankatsuka Zefa ija ankangofuna pepala la ntchito yake, ndipo m'shedi monse mapepala anali m'bokosi limodzi lokha.

Loweruka lililonse zinali zomwezo. Zefa mbee, ndowa yovundikiridwa, timipira ta mapepala titandandalikidwa m'mbali mwa khoma. Magalimoto athu enafe fumbi lili tholo, palibe wowakhudza. A Chikakwiya anagula loko wina, sizinathandize. Analitengera bokosi kunyumba, koma masamba ankapezekabe ku shedi, onyowa. Munthu wamkulu uja ndinamuona akulira chifukwa cha chithunzi cha matayala, ndipo sindinaseke.

Tsiku lina ndinafika msanga, simenti isanaume. Kuchokera pa mpopi kuzungulira Zefa panali mapazi a munthu wopanda nsapato, aakulu, zala zotambalala. Pa chitseko chilichonse mapaziwo ankatha, m'malo mwake n'kukhala timadontho tiwiri tozungulira, toyandikana. Ndinayang'ana kanthawi ndisanazindikire kuti amenewo ndi maondo.

A Laisani anandipeza ndili chiimire.

"Mwaona nanu?" anatero motsitsa mawu. "Ine ndimamva m'mamawa kusanayere. Madzi amagwera m'ndowa, koma mpopi uli wotseka. Ndiye kamluzu, ka nyimbo ya kutchalitchi. Ndikaunika, zii. Ndikazimitsa, kayambanso."

A Makwinja atafika, a Laisani anavula chipewa n'kuwayandikira. Ine ndinali pomwepo, mutu uli m'boneti ya Morisi, makutu ali kunja.

"Bwana, dzulo dzuwa litangolowa kunabwera munthu pageti. Wamtali, wa suti. Anafunsa ngati bwana wamng'ono afika."

"Bwana wamng'ono wake uti?"

"Sanatchule. Anangoti ndiwauze kuti sopo watha." A Laisani anapitiriza. "Ndinati ndiwatsegulire, poona suti. Koma nditayang'ana pansi, bwana, munthuyo analibe nsapato. Nditadzutsa mutu, msewu unali wokhawokha."

A Makwinja anakhala pa bampala ya Morisi yanga, galimoto imene ankainyoza tsiku ndi tsiku. Anamasula tayi. Ndinkaganiza kuti anena kanthu, koma anangoti, "Amisala achuluka m'tauni muno."

Madzulo a tsiku lomwelo, anzathu atabalalika, ndinabwerera kudzatenga sipanala yanga. Ndinawapeza a Makwinja atawerama pa mpopi. Anali akuika sopo wochapira watsopano pambali pa ndowa, mofulumira, ngati munthu woba. Atandiona anadzidzimuka.

"Achimwene, sopoyo ngwa ndani?"

"Ngosambira m'manja."

Sanandiyang'ane. Pamenepo ndinadziwa kuti munthuyu akumudziwa wotsukayo, ndipo wasankha kumugulira sopo kusiyana n'kumutchula dzina. Ndinatola sipanala n'kutuluka, manyazi awo atandigwira ine ngati anga.

Loweruka lomaliza chionetsero chisanafike, m'bokosi munatsala masamba owerengeka. A Chikakwiya anaitanitsa msonkhano. Kunja kunali mitambo yakuda, magetsi atazima, moti m'shedi munali ngati madzulo ngakhale dzuwa linali lisanalowe. Tinakhala pa mabenchi, a Laisani ataima pakati chipewa chili m'manja.

"Nkhaniyi njosavuta," anatero a Chikakwiya. "Usiku pano pamakhala munthu mmodzi. Kaya amalowetsa anzake odzatsuka, kaya n'chiyani, ife zatikwana. A Laisani, lero mutisiyire makiyi."

"Bwana, ine ndakula. Ndikachoka pano andilemba ndani?"

"Zimenezo mukanaganiza kale. A Makwinja, galimoto ndi yanu. Mukuti bwanji?"

Tonse tinawayang'ana. Iwo anayang'ana nsapato zawo zonyezimira. Ndikanakonda kukuuzani kuti analankhula nthawi yomweyo, koma sanatero. Anagwedeza mutu pang'ono, kuvomera kuti mkulu uja achotsedwe.

Ndipamene madzi anayamba kugwera m'ndowa.

Mpopi tonse tinkauona, unali wotseka. Koma phokoso linali la ndowa imene ikudzaza, lija limayamba lokweza n'kumatsika. Litasiya, lona wa pa Zefa anatsetsereka yekha n'kugwa pansi mwakachetechete. Palibe anayenda. A Chikakwiya anandigwira mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Kenako tinamva kapepala kakukwinyidwa. Ndinakweza maso pakhoma. Felemu inali pamalo pake, galasi lake losasweka, koma m'kati munalibe kanthu.

Kwii. Kwii. Kwii.

Linali pepala likukhula galasi lakutsogolo. Dzanja sitinalione. Tinkangoona nthunzi ya pa galasi ikuchoka mozungulirazungulira, kuyambira pakona yakumtunda, mosafulumira, monga amachitira munthu amene wagwira ntchitoyo moyo wake wonse. Pansipansi kamluzu kaja kanayamba.

A Makwinja anaimirira.

"Ababa," anatero. Mawu ake sanali a bwana wa ku banki. Anali a mwana. "Ababa, siyani."

Kwii kuja kunaleka. Kamluzu kanaleka.

Anatembenukira kwa ife, koma maso ali pansi. "Ndakhala ndikukunamizani. Bambo anga sanagulepo Zefa. Sanagulepo ngakhale njinga. Anali wotsuka magalimoto. Suti ija njobwereka, ndipo chithunzi anachidula chifukwa analibe nsapato." Anapukuta kumaso ndi tayi. "Manja awo ankasweka ndi sopo mpaka kutuluka magazi, kuti ine ndipite kusukulu. Tsamba lija analisunga pansi pa mphasa mpaka imfa. Ankati, Sosteni, tsiku lina ukadzagula yako udzandikweze kutsogolo. Ndinagula yanga yoyamba iwo ali moyo. Sindinawakweze. Ndinkaopa kuti anzanga a ku banki andifunsa kuti mkuluyu ndani."

Tikanayankha chiyani, ife amene tinaseka nawo za anthu opanda mutu? A Chikakwiya anavula chipewa. A Laisani okha ndi amene anali chiimire mutu uli m'mwamba, ndipo palibe mwa ife anatha kuwayang'ana.

A Makwinja anayenda n'kukatsegula chitseko chakutsogolo, cha kumanzere kwa woyendetsa. Anachigwira ngati mnyamata wa pa hotela, n'kuwerama pang'ono.

"Ababa, kwerani."

Tinadikira. Mvula inayamba kudontha pa malata. Pa simenti, pafupi ndi chitseko, panaoneka timadontho tiwiri tonyowa tija ta maondo.

"Ayi, Ababa, musagwade. Sindikuti mupukute. Ndikuti mukwere. Galimotoyi ndi ya mwana wanu."

Kwa nthawi yaitali sikunachitike kanthu. Kenako tinamva kapepala kakutambasulidwa. Titasuzumira, tsamba lija la m'felemu linali litayalidwa pa kapeti, poponda mapazi, monga amayalira a ku galaja kuti asadetse galimoto ya bwana. Linali lonyowa, nkhope ya mwamuna wa suti itasungunuka theka.

Apa a Makwinja analira mokweza. Anagwada okha pa simenti yonyowa ndi buluku lawo lodula, n'kuchotsa pepalalo.

"Pondani pa kapeti, Ababa. Chonde. Pondani."

Masipuling'i a Zefa analira pang'ono. Galimoto inatsikira kumanzere, kungoti pang'ono chabe, monga imachitira munthu wamtali akakhala. A Makwinja anatseka chitseko mofatsa.

Anati akuwaperekeza bambo awo kumudzi ku Chiradzulu, kumene anaikidwa, ndipo anandipempha kuti ndikhale kumbuyo. Kunena zoona mtima wanga unkafuna Morisi yanga yosalira ija, koma ndinakwera. A Laisani anathyola nthambi yamasamba kuti amange pa bampala, monga timachitira galimoto ikanyamula maliro. A Makwinja anawaletsa.

"Si maliro awa, madala. Ndi ulendo. Ndipo makiyi musapereke kwa munthu. Mundikhululukire."

Tinatuluka m'Limbe mvula ikuwaza. A Makwinja ankayendetsa pang'onopang'ono, akulankhula ndi mpando wa pambali pawo. Ankawauza malo alionse, monga amachitira akuluakulu ena poperekeza womwalira kuti asasochere. "Apa m'pamene panali kampani yanu, Ababa, pano akugulitsapo matumba a simenti. Apa tikukhota. Apa tikuwoloka mlatho." Ine ndinangoti maso pa khosi la a Makwinja, osayang'ana kumanzere. Koma mphuno sungaitseke. M'galimoto monse munkanunkhira sopo wochapira. Titadutsa mlatho uja, galasi la chitseko cha kumanzere linatsika lokha pang'ono, kamphepo n'kulowa, ndipo ndinamva munthu akupuma mpweya wautali, wa munthu amene wakhala pansi ntchito itatha.

Tinafika kumudzi kukuchita chisisira. A Makwinja anaimika galimoto pa kanjira kolowera kumanda, n'kuzungulira kukatsegula chitseko.

"Tafika, Ababa. Tsikani bwino."

Masipuling'i analiranso, galimoto n'kuwongoka. Udzu wa m'mbali mwa kanjirako unagwedezeka, kulowera kumitengo. Tinaima pamenepo mpaka unasiya.

Chionetsero chinachitika ndithu, ndi dzina lomwelo. Nsalu yaikulu ija sitinaipange, pakuti tsamba linali litawonongeka. A Makwinja anaima pamaso pa anthu opanda tayi, n'kunena kuti bambo awo anali wotsuka magalimoto. Mawu anawathera kawiri, koma anamaliza. A Chikakwiya anakhala kumbuyo ndi bokosi lawo lopepuka, ndipo za masamba awo sanadandaulenso pamaso pa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo ndowa ya pa mpopi sinalirenso yokha. Zefa inayamba kugwira fumbi ngati anzake, ndipo amaitsuka ndi a Makwinja eni ake, Loweruka m'mawa, buluku atapinda, magalasi akupukuta ndi nyuzipepala yadzulo. Amatsuka paliponse, mpaka m'kati mwa matayala, kupatula malo amodzi. Mukadzapita ku shedi kuja mudzasuzumire kutsogolo kumanzere. Pa kapeti yofiira pali mapazi awiri amatope, aakulu, zala zotambalala, atagundana bwinobwino ngati a mlendo amene akuopa kudetsa. Mlendo wina atafunsa chifukwa chake sapukutapo, a Makwinja anayankha akumuyang'ana m'maso.

"Amenewo ndi a bambo anga."